Momwe mungazindikirire Spiniferites ramosus pa maikulosikopu: yambani ndi khomo, minga ibwere pambuyo

Mwabwera ku Johannesburg kudzaphunzira za miyala, ndipo aphunzitsi akupatsani bokosi la masilaidi kuti mutchule mayina a tizamoyo takale ta m'nyanja timene tili m'menemo. Mukasuzumira koyamba muona timipira taminga tambirimbiri, tonse tooneka ngati n'timodzi. Apa m'pamene ambiri amathamangira ku buku la zithunzi, n'kusankha chithunzi chimene minga yake ikufananako, n'kulemba dzina. Chonde musatero. Minga imathyoka, imapindika mwala ukapanikizika, ndipo kwa mitundu ina imatalika kapena kufupika malinga ndi kuchuluka kwa mchere m'madzi. Choyamba kufunafuna ndi khomo limene kachamoyoko kanatulukira, kenako lamba wake, ndipo dzina limabwera pomalizira penipeni. Ndikuyendetsani m'njira imeneyi ndi mtundu umodzi, Spiniferites ramosus, chifukwa ndi umene mudzakumane nawo kawirikawiri m'miyala ya m'nyanja kuyambira nyengo ya Cretaceous, nyengo yomaliza ya ma dinosaur, mpaka m'matope a lero.

Dziwani kaye chimene mukuyang'ana

Timipira timeneti ndi zikwa za ma dinoflagellate, tizamoyo ta selo imodzi. Tambiri timayandama m'nyanja zamchere, tina timakhala m'madzi opanda mchere ngati a nyanja yathu ya Malawi. Kalikonse kali ndi timichira tiwiri: kamodzi kamazungulira m'chiuno, m'kangalande kotchedwa cingulum, kamene ine ndizikatchula kuti lamba, kachiwiri kamaloza kumunsi kudzera m'kangalande kena kotchedwa sulcus. Ndi tizamoyo tomweti timene tikachulukana timafiiritsa madzi kugombe la kumadzulo kwa South Africa, cha ku Elands Bay ndi St Helena Bay, mpaka nkhanu zikuluzikulu kuthawira pamchenga mpweya utatha m'madzi.

Khungu la kachamoyo kosambirako ndi la cellulose ndipo limawola msanga. Chimene chimatsala m'mwala ndi chikwa chake. Maselo awiri akaphatikizana, mitundu ina imapanga chikwa cholimba mkati mwa khungu lija, n'kumira pansi pa nyanja kukagona kufikira nyengo itabwerera bwino. Si mitundu yonse imene imachita zimenezi. Mwa imene ili moyo lero, ndi pafupifupi 15 pa 100 iliyonse. Chikwacho n'chopangidwa ndi dinosporin, chinthu chimene asidi wosungunula mwala amachisiya chili chilili.

Khungu lija limakhala ngati mpira wachikopa wosokedwa ndi zigamba, chigamba chilichonse chili ndi malo ake ndi nambala yake. Popeza chikwa chimaumbika mkati mwake, chimatengera mamangidwe amenewo: misoko imaoneka ngati timipanda totukuka, ndipo minga imamera pamalo odziwika. Ntchito yanu yonse ndi kuwerenga zigamba zimenezi kuchokera pa zimene zatsala pachikwa.

Gawo 1: Pezani mwala woyenera

Musataye nthawi ndi miyala ya m'tauni muno. Miyala ya Witwatersrand, imene golide wa mzinda uno anakumbidwamo, ili ndi zaka pafupifupi 2.9 biliyoni, pamene zikwa zoyamba zodziwika bwino zinayamba kuoneka m'nyengo ya Triassic, zaka pafupifupi 240 miliyoni zapitazo. Malasha a ku Mpumalanga ndi a nyengo ya Permian. Mupezamo mungu ndi ma spore a zomera, osati zikwa izi. Ngakhale miyala ya ku Karonga kwathu, kumene kunapezeka mafupa a dinosaur wotchedwa Malawisaurus, inaunjikana m'mitsinje ndi m'madambo a kumtunda, choncho Spiniferites simungamuyembekezere kumeneko.

Mukufuna miyala imene inali matope a pansi pa nyanja yamchere. Kuno ku South Africa ili kumpoto kwa KwaZulu-Natal cha ku St Lucia, ku Sundays River Formation kufupi ndi Gqeberha, ndiponso m'miyala yoboola pansi pa nyanja pofufuza mafuta. Roger Davey anafotokoza zikwa za Cretaceous za kumpoto kwa Natal mu 1969 m'magazini ya Palaeontologia africana, imene imasindikizidwa pa yunivesite ya Wits pompano ku Braamfontein. Ipezeni mu laibulale musanayambe, muone zimene anthu anapeza kale m'miyala yofanana ndi yanuyo.

Sankhani mwala wamatope wotuwa modera kapena wakuda, wosagumuka ndi dzuwa ndi mvula. Wofiira kapena wachikasu usiyeni, mpweya unadya kale zamoyo zonse zimene zinali mmenemo. Ngati mukukatola nokha kutchire, kumbukirani kuti lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limafuna chilolezo. Aphunzitsi anu akuthandizani kupempha.

Gawo 2: Chotsani mwala, zikwa zitsale

Gawo ili silichitikira kuchipinda kwanu ku Yeoville kapena ku Rosettenville. Ndi la mu labu, pansi pa fume hood, kabati yokoka mpweya woipa, pali munthu wodziwa amene akukuyang'anirani.

Tsukani mwala, phwanyani magalamu 5 mpaka 20 kufikira tizidutswa tikhale tating'ono ngati nandolo. Ngati mudzafune kuwerengera kuchuluka kwa zikwa pa galamu imodzi, ponyanimo piritsi la Lycopodium, lokhala ndi ma spore owerengedwa kale, poyamba pomwe. Thirani asidi wa HCl wa 10 peresenti kuti laimu asungunuke, mudikire thovu lileke. Kenako tsukuluzani ndi madzi kangapo konse. Ambiri amafulumira apa, koma calcium akatsalira amagwirana ndi asidi wotsatirayo n'kupanga timibulu ta calcium fluoride todzaza silaidi yonse, ndipo kutichotsa n'kovuta.

Wotsatirayo ndi HF wa 40 peresenti, amene amasungunula mchenga ndi dongo. Asidi ameneyu amadya galasi, choncho ziwiya zake ndi zapulasitiki. Amalowa m'khungu mpaka kufupa, nthawi zina osamva kuwawa poyamba, ndipo amapha. Magolovesi aatali, epuloni, chotchinga kumaso, ndi mankhwala opaka a calcium gluconate zikhale pafupi musanatsegule botolo. Onaninso ndandanda ya kuzima kwa magetsi ngati ilipo: magetsi akazima fume hood imaleka kukoka mpweya, ndipo inu muli ndi botolo lotsegula m'manja. Tsiku lokayikitsa, isiyeni ntchitoyo.

Zotsalazo zitsukuluzeni mpaka asidi athe, muzisefe pa sefa ya nayiloni ya ma micron 10 kapena 15 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Ngati pali timiyala tolemera totsalira, madzi a zinc chloride olemera kawiri kuposa madzi wamba amayandamitsa zamoyo, timiyalato n'kumira. Za nitric acid chenjerani nazo: amayeretsa silaidi bwino, koma amawononga zikwa zofiirira za Protoperidinium, n'kusiya za Spiniferites zimene n'zolimba, ndiye kawerengedwe kanu kamapendekeka inu osadziwa. Dontho limodzi la zotsalazo pagalasi, phala lomatira la glycerine jelly pang'ono, n'kuvindikira. Mu September mitengo ya m'misewu ya mzinda uno imamwaza mungu wambiri, tsekani mawindo pamene mukukonza masilaidi.

Gawo 3: Sakani chikwa chabwino, mulembe pamene chili

Yambani ndi lenzi ya ×10 kapena ×20, muziyenda mzere ndi mzere osadumpha. Chikwa choyamba chimene mwachiona sindicho chophunzirirapo. Funani chimene sichinapindike, chopanda zinyalala pamwamba, chooneka mbali zonse. Mukachipeza lembani malo ake ndi England Finder, galasi lija la timabokosi ta zilembo ndi manambala, ndipo mulembenso mbali imene chizindikiro cha silaidi chinaloza. Popanda zimenezi mawa simudzachipezanso, ndipo wina aliyense sadzatha kutsimikiza zimene munaona. Tsopano pitani pa ×40, kenako ×100 ndi mafuta ake.

Gawo 4: Khomo

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Nyengo ikafika, kachamoyo kamatuluka m'chikwa pochotsa chigamba chimodzi kapena zingapo, osati pong'amba paliponse. Bowo lotsalalo limatchedwa archeopyle, dzina limene William Evitt analipereka mu 1961, ndipo chivindikiro chochokapo ndi operculum. Khomo lenileni lili ndi m'mphepete mosalala ndi ngodya zooneka bwino. Mng'alu wobwera ndi kuphwanyika umakhala wokhotakhota, wopanda dongosolo. Muzipotoza fokasi pang'onopang'ono mpaka mutatsata m'mphepete monse kuzungulira.

Mukalipeza dzifunseni kuti lili pati. Ngati nsonga yonse yapamwamba yachoka n'kusiya m'mphepete mwa manomano, khomolo ndi la apical, ndipo muli ndi zinthu ngati Hystrichosphaeridium kapena Oligosphaeridium. Spiniferites muiwaleni pomwepo ngakhale minga ifanane bwanji. Ngati khomo lili kumsana pakati pa nsonga ndi zigamba zogundana ndi lamba, osafika palambapo, ndi la intercalary, lodziwika kwa gulu la Deflandrea, zikwa za nyanga imodzi kumwamba ndi ziwiri kumunsi. La Spiniferites ndi la precingular: chigamba chimodzi chokha chachoka, chachitatu mwa zimene zili pamwamba pa lamba, pakati penipeni pa msana. M'mabuku amalemba kuti 3''. M'munsi mwake, mogundana ndi lamba, ndi motakata ndi mowongoka, ndipo kumtunda kumapapatiza. Kawirikawiri chivindikirocho chimakhala chitachokeratu, nthawi zina mumachipeza chitagwera mkati mwa chikwa.

Chikwa chimene khomo lake silikuoneka, chifukwa sichinatseguke kapena chagona molakwika, chisiyeni kaye mufune china. Mudzabwererako maso atazolowera.

Gawo 5: Lamba, ndi kudziwa kumwamba, kumimba ndi kumsana

Lamba amaoneka ngati mizere iwiri yoyandikana yodutsa m'chiuno, yogawidwa m'tizigamba 6 tataliatali. Mbali ya lamba imene kuli khomo ndiyo kumwamba. Mbali ya khomo ndi kumsana, ndipo kuseri kwake, kumene nsonga ziwiri za lamba zimakumana ndi sulcus, ndi kumimba.

Tsopano tamverani bwino, chifukwa pano pamasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Chikwa n'choonekera mkati, ndiye mumaona nkhope yapamwamba ndi yapansi pongopotoza fokasi. Yapamwamba mumaiona kuchokera kunja, monga ilili. Yapansi mumaiona kuchokera mkati, choncho kumanja kumasanduka kumanzere. Kuti mudziwe imene ili pamwamba, tsitsani tebulo la maikulosikopu mpaka zonse zichite mbuu, kenako likwezeni pang'onopang'ono. Nkhope imene yayamba kuoneka bwino ndiyo yapamwamba. Ngati khomo layamba kuoneka, mukuyang'ana msana kuchokera kunja. Ngati labwera pomalizira, mimba ndiyo ili pamwamba.

Mukayang'ana mimba kuchokera kunja, nsonga ili kumwamba, muona kuti malekezero a lamba sakumana pamzere umodzi. A kudzanja lanu lamanja ali m'mwamba, a kumanzere atsikirapo, motalikirana ngati m'lifupi mwa lambayo kapena kuposerapo. Umu ndi mmene gulu la Gonyaulax, ma dinoflagellate a banja limodzi ndi Spiniferites, lilili. Mukaona zosiyana ndi zimenezi, musanaganize kuti mwatulukira chachilendo, onaninso ngati simukuyang'ana nkhope yapansi.

Manambala a zigamba amatsata njira ya Charles Kofoid ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kamzere kamodzi pambali pa nambala ndi zigamba za pansonga, tiwiri za pamwamba pa lamba, titatu za pansi pa lamba, tinayi za kumunsi kwenikweni. Kuwerenga kumayambira pa sulcus kupita kudzanja lanu lamanja mukuyang'ana mimba: 1'', 2'', kenako 3'' kumsana, mpaka 6'' amene amabwereranso kumimba ali wopyapyala ngati kansonga. Kwa Spiniferites mamangidwe onse ndi 4', 6'', 6c, 6''', 1p, 1'''', pamene nambala ikusonyeza kuchuluka kwa zigamba, c ndi za lamba, ndipo p ndi chigamba choonjezera cha pakati pa zapansi pa lamba ndi cha kumunsi. Mabuku ena amalemba 3 mpaka 4' ndi 5 mpaka 6''', chifukwa msoko wa pakati pa 1' ndi 4' suoneka bwino nthawi zambiri, ndipo 1''' ndi kachigamba kakang'ono kobisala m'mphepete mwa sulcus.

Jambulani ndi pensulo katatu: fokasi yapamwamba, yapakati ndi yapansi. Kamera ilipo, inde, ndipo mudzaigwiritsa ntchito, koma dzanja likamajambula limakukakamizani kutsata msoko uliwonse kufikira pamene wathera. Ine ndimaona kuti amene amajambula amadziwa zikwa msanga kuposa amene amangodina batani.

Gawo 6: Tsopano minga

Khomo la 3'' silokwanira, mitundu yambiri ya banja limeneli ili nalo. Yang'anani pamene minga yamera. Kwa Spiniferites ramosus imamera pamphambano, pamene misoko itatu yakumana, ndipo pansonga pake munga uliwonse umagawika patatu, kanthambi kalikonse n'kugawikanso pawiri kumapeto. Munga umene wamera pakati pa msoko, osati pamphambano, umagawika pawiri pokha. Kwa mtundu uwu yotere imakhala yochepa kapena kulibe. Tsinde la munga ndi tsinde la unzake zimalumikizidwa ndi timipanda tatifupi totsata misoko. Khoma la chikwa lili ndi zikuto ziwiri zomatana, losalala kapena la timibulu tating'ono kwambiri, ndipo thupi lake ndi lozungulira motalikirako.

Achibale ake mumawasiyanitsa motere. Minga yomweyo koma timipanda ta misoko palibe, ndiye Achomosphaera. Timipanda tilipo koma minga palibe, ndi Impagidinium, wa pakati pa nyanja kutali ndi gombe. Nsonga za minga zitalumikizana ndi tiulusi mozungulira chikwa chonse, ndi Nematosphaeropsis. Minga yambirimbiri yomwazikana osatsata msoko, ya timitu ting'onoting'ono, ndi Operculodinium. Mkati mwa Spiniferites momwemo, mirabilis ali ndi chiphepheru chachikulu kumunsi ndi minga yambiri ya pakati pa misoko, bentorii ali ndi kachotupa pansonga, ndipo elongatus ndi wamtali thupi, wa madzi ozizira.

Chovuta ndi Achomosphaera, chifukwa timipanda ta Spiniferites nthawi zina timakhala tofooka kwambiri. Chepetsani kuwala, gwiritsani ntchito phase contrast kapena DIC, njira zounikira zoonetsa bwino zinthu zofooka, ngati maikulosikopu yanu ili nazo, muyang'ane pakati pa minga iwiri yoyandikana. Utoto wa safranin nawonso umathandiza kufiiritsa khoma lotumbululuka.

Gawo 7: Yezani

Fananizani kaye kachingwe ka m'lenzi ya diso ndi stage micrometer, galasi la timizere toyezera, pa lenzi iliyonse payokha. Yezani m'litali ndi m'lifupi mwa thupi popanda minga, kenako utali wa minga padera. Thupi la Spiniferites ramosus limakhala pakati pa ma micron 30 ndi 50 nthawi zambiri. Yezani zikwa 20 kapena kuposa ngati zilipo, mulembe chaching'ono, chapakati ndi chachikulu.

Gawo 8: Ikani m'banja lake, mulembe dzina

Motsata kagawidwe ka Robert Fensome ndi anzake ka 1993, mtundu uwu uli mu Dinoflagellata, kalasi ya Dinophyceae, gulu la Gonyaulacales, banja la Gonyaulacaceae. Chimene chikuuika mmenemo ndi mamangidwe a zigamba ndi kutsika kwa lamba zimene mwaona m'gawo 5, osati minga.

Dzina lonse limalembedwa kuti Spiniferites ramosus (Ehrenberg 1837) Mantell 1854, ndipo mabuku akale ena amaika 1838. Lili ndi mbiri imene ingakuthandizeni powerenga. Christian Gottfried Ehrenberg anaona timipirati m'mwala wa flint wa ku Germany, n'kuganiza kuti ndi ndere za m'madzi opanda mchere, ndipo anatcha uyu Xanthidium ramosum. Gideon Mantell wa ku England sanagwirizane nazo, ndiye anakhazikitsa dzina la Spiniferites. Mu 1933 Otto Wetzel anabweretsa dzina la Hystrichosphaera, limene linagwira ntchito zaka zambiri. Mukaona Hystrichosphaera ramosa m'zolemba za m'ma 1960, ndi chikwa chomwechi. Kwa nthawi yonseyo anthu sankadziwa kuti timipira taminga timeneti n'tachani, mpaka Evitt anasonyeza kuti makomo ndi minga yake zikutsata zigamba za ma dinoflagellate. Kenako David Wall ndi Barrie Dale, akugwira ntchito ku Woods Hole ku America m'ma 1960, anatenga zikwa zamoyo m'matope n'kuziswetsa mu labu, ndipo mu zikwa za Spiniferites munatuluka Gonyaulax wosambira.

N'chifukwa chake chamoyo chimodzi chili ndi mayina awiri, la chikwa ndi la kosambira, ndipo malamulo a mayina a ndere, bowa ndi zomera amalola zimenezi. Zikwa za Spiniferites ramosus za lero zimagwirizana ndi gulu la Gonyaulax spinifera. Koma pachikwa chochokera m'mwala wa Cretaceous lembani dzina la chikwa lokha, popeza palibe anaona chimene chinatulukamo.

Lembani zimene mwaona basi. Ngati khomo, lamba, timipanda ndi minga zonse zagwirizana, lembani dzina lonse. Ngati chikufanana koma china chake sichikukhutiritsani, ikani cf. pakati: Spiniferites cf. ramosus. Ngati mwangotsimikiza mbali yoyamba ya dzina, Spiniferites sp. ikukwana, ndipo powerenga zambiri zophwanyikaphwanyika Spiniferites spp. ndi dzina lolemekezeka ndithu. Davey ndi Graham Williams anagawa mtundu uwu m'timagulu tingapo mu 1966, monga gracilis, granosa ndi multibrevis, ndipo ena asintha malo kuchokera nthawi imeneyo. Musanalembe lililonse onani pa Dinoflaj, nkhokwe ya pa intaneti yochokera ku ndandanda ya Lentin ndi Williams, kuti mudziwe dzina limene likugwira ntchito pano. Za kutcha mtundu watsopano, dikirani kaye: pamafunika chikwa chimodzi chosankhidwa kukhala holotype, choimira dzinalo, chithunzi chake, kufotokoza m'Chingerezi kapena m'Chilatini, ndi kutchula malo amene silaidi ikusungidwa.

Masilaidi a glycerine jelly muwamate m'mphepete ndi polishi wa zikhadabo wosaoneka mtundu, muwasunge chogona. Musawasiye m'galimoto kapena pawindo mu December, jelly amasungunuka, zikwa n'kusuntha, manambala anu a England Finder n'kukhala opanda ntchito.

Zimene dzinali lingakuuzeni za mwala wanu

Spiniferites ramosus akachuluka amakuuzani kuti matopewo anaunjikana m'nyanja yamchere, kawirikawiri m'madzi osaya kwambiri a pakati pa gombe ndi phompho la nyanja. Kuti munene zimenezi molimba mtima werengani zikwa 200 mpaka 300 pa sampulo iliyonse, muone gawo lake poyerekeza ndi Impagidinium wa kutali ndiponso mungu wochokera kumtunda. Koma za zaka za mwala sangakuthandizeni kwenikweni, chifukwa wakhalapo zaka zoposa 100 miliyoni osasintha maonekedwe. Pa zimenezo yang'anani anzake a pasilaidi yomweyo. Odontochitina, wa nyanga zitatu zitalizitali ndi khomo la pansonga, ndi wa Cretaceous. Dinogymnium, wa mizere yotsika kuchokera pansonga ndi kabowo kakang'ono pamwamba, ndi wa chakumapeto kwa Cretaceous ndipo anatha pamene nyengoyo inatha, zaka 66 miliyoni zapitazo. Mukampeza, onani kaye ngati mtundu wa khoma lake ukufanana ndi wa zikwa zinazo, chifukwa chikwa chakale chimatha kukokoloka m'mwala wake n'kukagwera m'matope atsopano, ndipo chotero chimakhala chakuda kapena chonyenyeka kuposa zinzake.